Gitala pa zaka 53: yankho kwa amayi a ku Chilenje

Kalata ya sabata ino yachokera kwa amayi ena a ku Chilenje amene amasoka zovala pamsika. Andipempha kuti dzina lawo ndisalitchule. Akuti: "Ndili ndi zaka 53. Mwana wanga popita kukagwira ntchito ku Kitwe anasiya gitala pamwamba pa kabati. Mwezi watha ndinaitsitsa n'kuipukuta fumbi, chifukwa kuyambira ndili mtsikana ndimasirira oimba gitala. Koma zala zikupweteka, adzukulu akundiseka, ndipo alamu anga akuti, 'Kodi mudzadya gitalayo?' Komanso ndili kupulayimale aphunzitsi anandichotsa m'kwaya ati mawu anga ndi oipa, ndiye mpaka lero ndimaimbira mumtima. Kodi sindinachedwe? Kapena ndigule kiyibodi, poti ena akuti ndiyo yosavuta?"

Amayi, simunachedwe, ndipo gitalayo musaibwezere pakabati.

Ndiyambe ndi funso la alamu anu, chifukwa ndi limene lafooketsa anthu ambiri muno mu Lusaka kuposa kupweteka kwa zala. Sindikuwadzudzula. Moyo wa m'tauni ndi wothina, ndipo tinazolowera kuti chilichonse chimene munthu akutayirapo nthawi chizibweretsa ya ndiwo. Koma maganizo akuti kuimba ndi kwa anthu olipidwa okha ndi achilendo pakati pathu. Taganizani za maliro a kukomboni, ku Chawama kapena ku Mtendere. Amene amachezera kuimba usiku wonse, azimayi m'nyumba, azibambo pamoto panja, walipidwa ndani? Nanga alangizi amene amaliza ng'oma polangiza mkwatibwi, anapita kusukulu iti ya nyimbo? M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayendayenda m'dziko lino ndi ku Malawi ndi makina ojambulira mawu, ndipo zambiri zimene anajambula zinali za anthu wamba: azimayi pamtondo, madoda ndi kalimba kapena bangwe, anyamata a kumigodi ndi magitala awo. Zojambulazo zikusungidwabe ku International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954, ndipo tsopano ili ku Rhodes University ku South Africa. Ambiri mwa anthu amenewo sankadya nyimbo. Ankalima, ankasinja, ankakumba mkuwa, ndipo nyimbo inali mbali ya tsiku lawo. Inu mukakhala pakhonde madzulo mutatopa ndi makina osokera n'kuliza gitala, mukuchita zimene makolo athu ankachita. Palibe chifukwa choti mupepese kwa munthu.

Nkhani ya aphunzitsi aja imandiwawa, chifukwa ndaimva kwa anthu ambiri ndipo imayenda mofanana. Mwana wa zaka 9 kapena 10 auzidwa pamaso pa anzake kuti, "Iwe uzingoyasamula pakamwa, usatulutse mawu," basi atseka pakamwa zaka makumi anayi. Alipo ndithu anthu amene anabadwa osatha kusiyanitsa liwu lokwera ndi lotsika, koma ndi ochepa kwambiri. Dziyeseni chonchi. Nyimbo ikayamba pawailesi woimba asanatchule mawu, mumaizindikira? Kutchalitchi wina akaphonya, khutu lanu limamva kuti apa palakwika? Ngati mwavomera, khutu lanu ndi labwino. Chotsala ndi kuphunzitsa kukhosi kuti kuzitsatira khutulo, ndipo zimenezo zimaphunziridwa pamsinkhu uliwonse.

Kawirikawiri mwana wochotsedwa m'kwaya amakhala kuti mawu ake ndi otsika, koma akukakamizidwa kukwera pamodzi ndi a soprano. Mwina inu ndinu wa alto, mwinanso wa tena, pakuti azimayi oimba tena alipo ambiri m'makwaya athu. Apa ndi pamene gitala idzakuthandizeni kuposa mphunzitsi aliyense. M'tchalitchi woyambitsa nyimbo akaikweza, nonse mumavutika nayo mpaka kumapeto. Koma gitala ili m'manja mwanu, nyimbo mumaitsitsa kufikira pamene mawu anu akhala bwino.

Tsopano zala. Musanaziimbe mlandu, iyang'aneni gitalayo. Yakhala pakabati, pansi pa malata, kudutsa kutentha kwa Okutobala ndi chinyezi cha dzinja, ndipo thabwa limapindika. Igonekeni pamiyendo, muwerenge tizitsulo topingasa pakhosi pake, timene oimba amati mafreti, mpaka ka 12. Pamenepo onani mpata wa pakati pa kachitsuloko ndi nsambo yaikulu. Uyenera kukhala pafupifupi mamilimita atatu. Inu tepi yoyezera muli nayo. Ngati mpatawo wafika mamilimita asanu kapena kuposa, ngakhale katswiri angalire nayo gitala imeneyo. Pitani nayo kwa wokonza magitala akatsitse nsambo. Mukafunsa anyamata oimba kutchalitchi kwanu adzakulozerani munthu. Nsambo zadzimbiri zichotsedwe zonse zisanu ndi imodzi, ndipo pogula zatsopano nenani kuti mukufuna zopyapyala. Chenjezo limodzi: ngati gitalayo ndi ya nsambo za nayiloni, musalole munthu kuikapo zachitsulo. Zimakoka mwamphamvu kwambiri, zimapinda khosi ndipo zimatha kuzula kathabwa komangirirapo nsambo.

Gitala ikakonzedwa, kupweteka kudzatsalako pang'ono. Nsonga za zala zimafiira, nsambo zimasiya timizere, ndipo pakapita masabata angapo khungu limalimba, ululu n'kutha. Wengani zikhadabo za dzanja lamanzere mpaka pansi. Chala chizitsika choimirira, nsonga yake igwere kumbuyo kwenikweni kwa kachitsulo, osati pamwamba pake kapena pakati pa mpata. Pamenepo nsambo imalira bwino ndi mphamvu yochepa. Ophunzira ambiri amafinya ngati akufinya chovala chochapa, chala chachikulu chitauma gwa kumbuyo kwa khosi, mapewa atakwera. Yesani izi: dinani nsambo imodzi, muilize, kenako muzichepetsa mphamvu pang'onopang'ono mpaka iyambe kulira mwaphokoso. Bwererani pang'ono pokha. Mphamvu yofunika ndi imeneyo, ndipo mudzadabwa kuchepa kwake. Mukaona matuza, pumani masiku awiri.

Musanaimbe, tchunani gitala nthawi zonse. Kuchokera kunsambo yaikulu kutsika, mayina ake ndi E, A, D, G, B, E. Pa foni pali timapulogalamu taulere timene timamva liwu la nsambo n'kukuuzani ngati mumange kapena mumasule. Mdzukulu woseka uja ndiye akuikireni.

Pa zoti muziimba chiyani, apa ndili ndi maganizo olimba. Musayambe ndi nyimbo zachilendo zimene aphunzitsi a pa YouTube amayambira nazo. Kumeneko mumaphunzira zinthu zitatu nthawi imodzi, mawu, kayendedwe ka nyimbo ndi zala, ndipo mutu umatopa. Inu muli ndi chuma chimene mwana wa zaka 15 alibe: nyimbo mazanamazana zimene zakhala mumtima mwanu moyo wonse, za m'tchalitchi, za paukwati, za pamaliro, zotonthozera mwana. Zambiri mwa izo, pamodzi ndi za kalindula zochuluka, zimayenda pa makodi atatu okha. Kodi ndi kagwiridwe ka zala kodina nsambo zingapo kuti zilire pamodzi mogwirizana. Phunzirani G, C ndi D. Ngati C ikukuvutani kutambasula zala, yambani ndi A, D ndi E. F muisiye kaye, imeneyo yagwetsa ulesi anthu ambiri. Sankhani nyimbo imodzi yoyenda pang'onopang'ono, muziimba ndi pakamwa uku dzanja lamanja likungotsika kamodzi pa kugunda kulikonse. Khutu lanu lidzayamba kumva lokha kuti apa pafunika kusintha. Posintha makodi nyimbo idzaduka, ndipo idzadukaduka kwa kanthawi. Musaimitse dzanja lamanja podikira lamanzere. Liziyendabe, lamanzere lidzalipeza. Mukagula kapo, kachitsulo kopana nsambo zonse pamodzi, mudzatha kukweza nyimbo osasintha kagwiridwe ka zala.

Mukafuna kumva kukoma kwa gitala yosachulutsa zokometsera, funafunani nyimbo za Alick Nkhata, amene ankaimba ndi kuulutsa mawu pawailesi muno mu Lusaka m'zaka za m'ma 1950, yemwe msewu wodutsa ku Mass Media ndi ku Kalingalinga unatchedwa dzina lake. Mvetserani mmene gitala imaperekezera mawu osawaphimba.

Nthawi yophunzira ikhale yochepa koma ya tsiku ndi tsiku. Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha, chifukwa zala zimaphunzira mwa kubwereza ndi kupuma. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Gitala isakhale m'thumba lake. Ikhale pakona pamene mumaiona mukangolowa m'nyumba, kutali ndi dzuwa la pawindo ndi mbaula.

Za kiyibodi ndinena mwachidule. N'zoona kuti siipweteka zala, ndipo liwu limatuluka loyera tsiku loyamba lomwe. Koma kuyendetsa manja awiri mosiyana kuli ndi zovuta zake, imafuna magetsi kapena mabatire, ndipo tonse tikukumbuka mmene tinakhalira mumdima mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Gitala muli nayo kale, ndipo ndi imene mtima wanu unasirira muli mtsikana. Chida chimene munthu amachikonda ndicho amachinyamula atatopa. Kuwerenga manotsi, zizindikiro zolembera nyimbo papepala, nakonso sikofunika kuti muyambe. Ngati mudzalowa kwaya mudzakumana ndi solofa, ija ya d, r, m, f, s, imene John Curwen anafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo amishoni anabwera nayo kuno. Imeneyo mudzaitola muli pakati pa anzanu. Amene akufuna maphunziro ozama, ku Evelyn Hone College amaphunzitsa nyimbo, koma inu simunafike pofunika zimenezo.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: musaimbe nokha kwa nthawi yaitali. Anthu amene ndawaona akusiya gitala, ambiri anali odzitsekera kuchipinda, kudikira tsiku limene adzakhoze kuti anthu awamve. Tsikulo silifika, chifukwa munthu ukamadzimvetsera wekha umangomva zolakwa. Nyimbo zathu zinapangidwa kuti wina ayambitse, ena avomere. Mukangotha nyimbo ziwiri, ngakhale mopunthwapunthwa, pitani nayo gitala kumsonkhano wa azimayi Lachinayi kapena kumapemphero a m'dera. Azimayi khumi akavomera ndi kuwomba m'manja, kuphonya kwanu sikumveka, ndipo kuwomba kwawoko kumakukokani kuti musatsalire. Mudzaphunzira zambiri madzulo amodzi otero kuposa mwezi wa kuchipinda. Ku kwaya nako pitani, mukawauze otsogolera kuti akuyeseni mawu, akuikeni pambali pa munthu wa alto wokhazikika. Manyazi a tsiku loyamba adzakhalapo, ndikudziwa. Pitanibe.

Adzukulu musakangane nawo. Ana amaseka chilichonse chachilendo, ndipo agogo ogwira gitala sanawaonepo. Ikani timiyala m'botolo lapulasitiki mumupatse wina akhale wa chisekese, wina agunde chigubu. Mwana amene wakula akuona munthu wamkulu akulimbana ndi chinthu chovuta, kulakwa n'kuyambiranso, waphunzira chinthu chimene sitingamuuze ndi pakamwa.

Mawu anu akhala osagwira ntchito yoimba kwa zaka zambiri, choncho muwadzutse mofatsa. Yambani ndi kuimba chotseka pakamwa kwa mphindi zochepa, mopanda kukweza, kenako mutsegule. Mpweya uzichokera m'mimba, mapewa asakwere. Imwani madzi pafupipafupi, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala pamene mphepo ndi fumbi la Lusaka zimaumitsa kukhosi. Utsi wa mbaula ndi kukuwa poitana makasitomala zimatopetsa mawu kuposa kuimba. Mawu akasasa, apumitseni, ndipo musanong'one, chifukwa kunong'ona nako kumawatopetsa. Akasasa kupitirira masabata atatu popanda chimfine, pitani kuchipatala akakuoneni. Pamsinkhu wanu mawu a azimayi ambiri amatsika pang'ono, ndipo si matenda. Mawu ogwiritsidwa ntchito amakhalitsa. Jagari Chanda, woimba wa gulu la kuno ku Zambia la WITCH, anakhala zaka zambiri kutali ndi siteji, mpaka kukakumba miyala yamtengo wapatali, koma anabwerera ndipo waimba ku Ulaya ndi ku America ali ndi zaka zopitirira 70.

Pali ululu umodzi umene musaupirire. Kupweteka kwa khungu la kunsonga za zala ndi kwabwinobwino, koma ngati m'mfundo za zala kapena pamkono mukutupa, mukuchita dzanzi, kapena mukulasa, imani ndipo mukaonetse kuchipatala, pakuti manja omwewo ndiwo amakudyetsani pamakina osokera. Zikapezeka kuti nsambo zachitsulo sizikugwirizana ndi mfundo zanu, gitala ya nayiloni ndi yofewa, ndipo ukulele, wa nsambo zinayi, ndi wofewa koposa. Kalimba nayo imangofuna zala zazikulu ziwiri. Mukakonzetsa gitala ndi kusankha nyimbo yoyamba, ndilembereninso mundiuze kuti ndi nyimbo iti, ndidzakuthandizani kupeza makodi ake pamalo ogwirizana ndi mawu anu.