Mapedalo a clipless kwa munthu wamantha: mugule ati, ndipo muyambe bwanji

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, dzina ndasunga. Akuti anagula njinga yamagiya chaka chatha, amapalasa Loweruka lililonse ndi gulu la anzawo, ndiye anzawowo onse ali ndi mapedalo aja oti nsapato imakanirira, ma clipless, ndipo akuwakakamiza kuti nawonso asinthe. Mtima ukufuna koma akuopa kugwa pa maloboti anthu akuonerera, komanso atafufuza pa intaneti apeza mitundu yambirimbiri mpaka mutu kuzungulira. Funso lawo ndi loti agule ati, ndipo kodi zimenezi n'zofunikadi?

Achemwali, ndiyambe ndi chomwe simukufuna kumva. Mudzagwa. Mwina kamodzi, mwina kawiri, koma kugwa kwake si kuja kothyola mafupa ayi, n'kugwa kwa munthu amene waima kale, waiwala kuti phazi ndi lomangika, basi n'kumapendekeka pang'onopang'ono ngati mtengo wa nthochi wodulidwa. Ine ndinagwera kutsogolo kwa azimayi ogulitsa tomato, mayi wina mpaka anaimirira kufuna kundidzutsa anzake akuseka chogwira nthiti. Chinapweteka ndi manyazi basi, chigongono chinangosupuka pang'ono. Ndiye ntchito yathu lero ndi yochepetsa mwayi wa kugwako, ndipo zimatheka ngati mwagula zinthu zoyenera.

Dzina lenilenilo limasokoneza, clipless bwanji pomwe nsapato ikuchita kulira kuti kwaa polowa? Kale ochita mpikisano ankaika phazi m'kakhola kachitsulo kotchedwa toe clip n'kumangirira ndi lamba, ndiye pofuna kuima umayenera kuwerama kumasula lambayo ndi dzanja. Mu 1984 kampani ya ku France ya Look, yomwe inkapanga kale zomangira nsapato za anthu otsetsereka pa chipale chofewa, inatulutsa pedalo yopanda khola lija, ndipo katswiri wopalasa njinga Bernard Hinault atapambana nayo mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1985 anthu anayamba kuithamangira. Clipless ndiye kuti yopanda toe clip, basi. Kampani ina ya Shimano inabwera ndi yake yotchedwa SPD mu 1990 ndipo imeneyi ndi yomwe ndikufuna tikambirane kwambiri.

Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri ndipo mukaidziwa imeneyi zambiri zija za pa intaneti zisiya kukuzunguzani. Pansi pa nsapato pamamangidwa kachinthu kotchedwa cleat, ndi kamene kamakola pa pedalo. Pali cleat ya mabauti atatu, yapulasitiki, yaikulu, ya makona atatu, monga SPD-SL ya Shimano ndi Look Keo, imeneyi ndi ya njinga zothamanga pa tala. Ndiye pali ya mabauti awiri, yachitsulo, yaing'ono, yomwe imabisala mkati mwa soli ya nsapato, SPD wamba. Anzanu a Loweruka aja ngati ali ndi njinga za matayala opyapyala mwina ali ndi ya mabauti atatu ndipo adzakuuzani kuti ndiye yeniyeni. Musawamvere pakadali pano. Ya mabauti atatu imatuluka kunja kwa nsapato, mukatsika mumayenda ngati bakha, pa simenti yosalala imaterereka, ikapondedwa pa miyala imadyeka msanga, komanso pedalo yake imakola mbali imodzi yokha ndiye ponyamuka pa maloboti mumakhala mukuitembenuza ndi chala maso ali pansi minibasi ikuimba hutala kumbuyo kwanu. Munthu wamantha safunika zimenezo. Ndi SPD mungathe kutsika, kulowa mu golosale kugula madzi, kukankha njinga pa mchenga, nsapato ikuyenda pafupifupi ngati nsapato wamba. Ndipo ikalowa dothi mumangogogoda pa pedalo kawiri katatu n'kupitiriza, zomwe pa misewu yathu yafumbi ndi matope a dzinja si nkhani yaing'ono.

Tsopano pedalo yake. Pali njira ziwiri ndipo zonse ndi zabwino, zingotengera mmene mumagwiritsira ntchito njingayo. Yoyamba ndi pedalo yokola mbali zonse ziwiri monga Shimano PD-M520, yotchipa pa gulu lake ndipo siifa wamba, mumangoponda osayang'ana n'kulowa. Yachiwiri ndi ija ya nkhope ziwiri, mbali ina yokola mbali ina yafulati, monga PD-EH500 kapena PD-M324. Ubwino wake ndi woti tsiku lina mukafuna kupita kumsika mutavala ma silipasi mungathe, komanso mukafika pamalo podzaza anthu ndi makabaza mumatha kuchotsa phazi n'kupondera mbali yafulatiyo mpaka mutadutsa. Kuipa kwake ndi kuja kofunafuna mbali yoyenera ponyamuka. Ngati njinga yanu ndi imodzi yomweyo ya Loweruka ndi ya kumsika, tengani ya nkhope ziwiri. Ngati ndi ya masewero okha, M520 ikukwanirani. Ziliko zina monga Crankbrothers Eggbeater yomwe imakola mbali zinayi ndipo matope saiopsa, koma ilibe pomasulira sipuling'i yogwira cleat, ndiye kwa oyamba kumene ine sindiikonda.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ogulitsa ambiri sanena. Ma cleat a SPD alipo awiri. Pali SH51 yakuda, yomwe imamasuka pokhapokha mwapotoza chidendene kunja molunjika. Ndiye pali SH56 yoyererako yokhala ndi chilembo cha M, imeneyi imamasuka mukapotoza kunja komanso mukakoka chidendene chammwamba mopendekeka, kutanthauza kuti nthawi ija mwadzidzimuka galu wadumphira mumsewu ndipo mwendo wangodzikoka wokha mwamantha, nthawi zambiri phazi limatuluka. Gulani SH56. M520 kawirikawiri imabwera ndi yakuda ija m'bokosi ndiye muyenera kugula SH56 padera, EH500 imabwera nayo kale. Anthu othamanga kwambiri saikonda poti ikhoza kumasuka akamakoka mwamphamvu pa mpikisano, koma inu simuli pa mpikisano, ndipo tsiku lomwe mudzaone kuti yayamba kumasuka musanafune ndiye kuti mwakula, mudzasinthe nthawi imeneyo.

Chachiwiri ndi kabauti ka sipuling'i. Pa pedalo ya SPD pali kabauti kakang'ono kolembedwa + ndi -, kamatembenuzidwa ndi aleni kiyi wa 3mm. Tembenuzirani ku - mpaka kutsala pang'ono kufika kumapeto kuti phazi lizimasuka mosavuta, ndipo ngati pedalo ndi yokola mbali ziwiri muchite mbali zonse, mapedalo onse, ndiye kuti malo anayi. Ine ndinamasula mbali imodzi yokha n'kuiwala inayo, ndi chifukwa chake ndinakathera pa tomato paja.

Nsapato muonetsetse kuti pansi pake pali timizere tiwiri ta mabauti awiri, chifukwa ya mabauti atatu siilola SPD pokhapokha ikhale ndi mabowo a mitundu yonse. Pa kaunjika zimapezeka nthawi zina, ogulitsa amaziyesa nsapato za mpira, mukazitembenuza mupeza kachivundikiro ka labala pansi kobisa mabowowo. Isakhale yothina, phazi limatupa mukapalasa nthawi yaitali dzuwa likuswa mtengo. Pomanga cleat, pezani fupa lotukuka lija lili patsinde pa chala chachikulu, lembani ndi choko pambali pa nsapato, ndiye cleat ikhale pamenepo kapena kumbuyo kwake pang'ono, osati kutsogolo ku zala. Kenako khalani pa tebulo miyendo ili lende muone mapazi anu amaloza kuti mwachibadwa, ena amaloza kunja ena mkati, cleat itsatire zimenezo osati kukakamiza phazi kuongoka. SPD imalola phazi kuseweraseera pang'ono lisanamasuke, zomwe zimathandiza mawondo, koma mukamva bondo likupweteka pambali mutapalasa, musapirire, sunthani cleat pang'ono muyesenso. Pakani gilisi pa mabauti ndipo mumange zolimba ndi aleni kiyi wa 4mm, mukayenda maulendo awiri atatu mubwerezenso kumanga. Bauti imodzi ikagwa cleat imangozungulira pamodzi ndi pedalo, mupotoze chidendene mmene mungathere osamasuka, mpaka kuvula nsapato ili pa njinga pompo.

Pochotsa mapedalo akale musalimbane ndi ya kumanzere, mazinga ake ndi otembenuza, imamasuka mbali yomwe inzake imamangira. Sipanala ya 15 ndi yomwe imagwira ambiri. Kapena ingopitani kwa okonza njinga pansi pa mtengo paja, ndi ntchito ya mphindi zisanu, koma muwauze apake gilisi.

Kuphunzira kwake musayambire pamsewu chonde. Tsamirani khoma kapena gwirani chitseko, lowetsani phazi, tulutsani, lowetsani, tulutsani, ka 30 phazi lililonse mpaka mwendo uzolowere wokha osadikira mutu. Tsiku lotsatira pitani pa bwalo la mpira pa udzu, phazi limodzi lokha lokola linalo longoponda, kenako onse awiri. Sankhani phazi limodzi loti muzitsitsa nthawi zonse, kwathu kuno timayenda kumanzere ndiye la kumanzere ndi labwino poti mukapendekeka mupendekekera kunja kwa msewu osati ku magalimoto. Ndipo mutulutse phazi musanaime, mukangoona maloboti patali, kapena minibasi yayamba kukhotera pa siteji, chidendene kunja nthawi yomweyo, muzifika pamalopo phazi lili kale lomasuka. Kulimasula kumaphweka pedalo ikakhala pansi mwendo utatambasuka. Mukaima thupi lipendekere mbali ya phazi lomasukalo, ambiri amagwa atamasula bwinobwino la kumanzere koma njinga n'kupendekera kumanja. Pa chitunda ndi pamene pamavuta kwambiri chifukwa liwiro limatha mwadzidzidzi, ndiye tsitsani giya msanga, ndipo mukaona kuti mphamvu zikutha musadikire mpaka njinga iime yokha.

Za funso lanu loti kodi n'zofunikadi, ndinene chilungamo. Anthu amati mudzathamanga kwambiri chifukwa mumakoka pedalo chammwamba, koma pa liwiro wamba pafupifupi mphamvu yonse imachokera pa kuponda pansi, kukokako n'kochepa. Chomwe ine ndimakondera ndi choti phazi siliterereka mvula ikagwa kapena mukagunda dzenje, limakhala malo amodzimodzi ulendo wonse, ndipo mukaimirira pa chitunda chachitali ngati chija chokwera ku Zomba Plateau mumamva kuti inu ndi njinga ndinu amodzi. Koma ngati pakadali pano mumavutikabe kuyang'ana kumbuyo njinga osagwedezeka, kapena kuchotsa dzanja limodzi pa handulo kuti muonetse kokhotera, dikirani kaye miyezi ingapo, gulani mapedalo afulati abwino okhala ndi timano togwira nsapato muzipalasa nawo. Anzanu a Loweruka aja adzalankhula, mungowafunsa aliyense kuti iye anagwera pati, muona nkhani ikusintha yokha.

Mukagula mundilemberenso mundiuze nsapato yomwe mwapeza, makamaka ngati ndi ya pa kaunjika, chifukwa zina zimabwera ndi ma cleat akale odyeka omwe amakana kumasuka, amenewo muchotseretu musanakwere.