Petulo kapena dizilo pa thirakitala yaing'ono?

Achimwene, mwafunsa ngati thirakitala yaing'ono ya petulo, poti ndi yotsika mtengo pogula, ingakusungireni ndalama kuposa ya dizilo. Choyamba dzifunseni kuti muziigwiritsa ntchito maola angati pa chaka, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu zoposa lita ya petulo ndi 10 peresenti kapena kupitirirapo. Kuwonjezera apo, injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri isanayatse mafuta, ndiye mphamvu zochepa zokha ndi zimene zimatayika. Pa ntchito yofanana, ya dizilo imatha kumwa malita atatu pomwe ya petulo yamwa anayi. Tiyerekeze kuti kusiyanako ndi lita imodzi pa ola. Mukagwira maola 400 pa chaka, mwapulumutsa malita 400. Mukagwira maola 40 okha, potchetcha udzu ndi kukoka ngolo mwa apo ndi apo, ndi malita 40 basi, ndipo padzatenga zaka zambiri kuti mubweze ndalama imene munawonjezera pogula.

Pa ntchito yolemera kusiyana kumamveka ndi khutu lomwe. Pulawo ikalowa m'dothi lolimba, ya dizilo imangosintha kaliridwe n'kupitiriza kukoka. Ya petulo imafuna muikweze moto, ndipo mafuta amathera pomwepo.

Komabe dizilo ali ndi zake, ndipo apa ndi pamene ambiri amalira. Mdani wake wamkulu ndi madzi ndi fumbi m'mafuta. Zikafika ku pampu ya mafuta ndi ma injekita (tizipangizo topopera dizilo mu injini), ndalama yokonzetsera ikhoza kumeza zonse zimene munasunga chaka chathunthu, komanso si mekaniki aliyense amene angatsegule pampuyo. Muzisintha fyuluta pa nthawi yake, muzikhetsa madzi amene amadikha pansi pa kabotolo kake koonekera mkati, ndipo thanki isamaume, chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi injini siilira mpaka muutulutse. Ya petulo imangofuna mapulagi ndi kutsuka kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), zinthu zoti mungachite nokha. Vuto lake ndi kukhalitsa osayenda: petulo, makamaka wosakaniza ndi ethanol, amawonongeka pakangopita miyezi ingapo n'kutseka timabowo ta kabuleta.

Chinanso muchidziwe. Kubota, John Deere ndi Massey Ferguson masiku ano mathirakitala awo ang'onoang'ono amawapanga a dizilo pafupifupi onse. Ya petulo imene mwaionayo mwina ndi yakale, ya mtundu wa Ford 8N imene inkapangidwa kuyambira 1947 mpaka 1952. Ndi makina olimba ndithu, koma musanapereke ndalama fufuzani ngati zipangizo zake zimapezeka mosavuta.

Ine maganizo anga ndi akuti ngati muzilima nayo nyengo iliyonse kapena kuchititsa hayala, tengani ya dizilo, ndipo mukakaiona uzani mwiniwake asailize inu musanafike, kuti muone mmene imadzukira injini ili yozizira.