Juzi ya mohair ya pa kaunjika: kachapidwe ndi kasungidwe kake

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo. Akuti anatola juzi ya ubweya wautali wonyezimira pa kaunjika, ndipo lebulo ya pakhosi ikuti muli mohair wosakaniza ndi nayiloni. Akufunsa kuti mohair n'chiyani, n'chifukwa chiyani ubweya ukuthothoka n'kumamatirira pa siketi yawo yakuda, komanso ngati angaichape ndi sopo waufa pamodzi ndi zovala zina.

Mayi, ndiyambira funso lomalizalo poti Loweruka lili pafupi: ayi, juziyo isalowe m'beseni la zovala zina. Majuzi ambiri a mtundu umenewu sathera pathupi, amathera pochapa.

Mohair ndi ubweya wa mbuzi, osati wa nkhosa. Mbuzi zake ndi za mtundu wa Angora, kwawo kwenikweni ndi ku Turkey, dera la Ankara. Zinafika ku South Africa mu 1838, ndipo zinayanjana ndi dziko louma la Karoo moti lero pafupifupi theka la mohair wa dziko lonse lapansi limachokera kumeneko. Ubweyawo amaugulitsa pa okushoni ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth. Nakonso ku Lesotho amaweta mbuzizi zambiri m'mapiri. Ndiye juzi yanuyo mwina inachoka kuno kwathu kum'mwera kwa Africa ili ubweya, inakalukidwa kutsidya kwa nyanja, wina anaivala n'kutopa nayo, kenako yabwerera m'belo.

Mbuzizi amazimeta kawiri pachaka. Ubweya wa timbuzi tating'ono ndi wofewa kwambiri, ndipo ndi umene pa lebulo amalemba kuti kid mohair. Mbuzi ikamakula ubweya umakhuthala n'kuyamba kubaya, n'chifukwa chake wa mbuzi zikuluzikulu umapita ku makapeti ndi nsalu za mipando. Yanuyo ikamayabwa m'khosi, valani malaya a kolala m'kati, basi. Kuichapa kambirimbiri sikuifewetsa.

Tsono za kuthothoka. Ubweya wa nkhosa uli ndi timamba tating'ono totukuka timene timakolana. Wa mohair timamba take n'togona, motero ubweyawo ndi wosalala. Kusalalako n'kumene kumaupatsa kunyezimira, komanso n'kumene kumachititsa kuti uzisololoka mu ulusi. Si chilema ayi, ndi chibadwa chake. Kumachepa juzi ikavalidwa kwa kanthawi, koma sikutheratu. Ikutumuleni panja musanavale, ndipo muziipesa mopepuka ndi bulashi yofewa, kulowera mbali imodzi. Siketi yakuda ija ingoipezerani juzi ina.

Poti pa kaunjika lebulo nthawi zina imakhala itadulidwa, nayi njira yodziwira: zulani kaubweya pang'ono m'kati mwa juzi, yatsani ndi machesi. Ubweya wa nyama umanunkha tsitsi lopsa ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita. Wa pulasitiki umasungunuka n'kusiya kamkanda kolimba.

Pochapa, iwalani zonse zimene tinaphunzira kudambo. Palibe kupikicha, palibe kumenyetsa pamwala, palibe kufinya mopotokola. Tungani madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30, thiranimo shampu wa tsitsi pang'ono. Sopo waufa wambiri amaikamo mankhwala odya madontho a magazi, mazira ndi thukuta, ndipo ubweya nawo ndi wa mtundu womwewo wa zinthu zochokera ku nyama, choncho mankhwalawo amaudya pang'onopang'ono. Jik ndiye musayerekeze n'komwe, amausungunula. Tembenuzani juzi, iviikeni kwa mphindi khumi, n'kumaikanikiza ndi zikhato mofatsa ngati mukusambitsa khanda. Madzi otsukuluzira akhale ofanana kutentha ndi ochapira aja, chifukwa kuchoka m'madzi otentha kulowa m'ozizira n'kumene kumafinyimpitsa ubweya, ndipo juzi ikafinyimpira sibwereranso.

Poivuula m'madzi inyamuleni yonse pamodzi ndi manja awiri, osaikoka paphewa. Iyaleni pa thawulo louma, kulungani thawulolo, kanikizani kuti madzi alowe m'thawulo. Kenako iyaleni chogona pa thawulo lina, pamphasa kapena patebulo, muwongole manja ndi m'chiuno kuti ibwerere m'maonekedwe ake. Pachingwe ayi: madzi amailemera, imatamuka, mawa mupeza manja afika m'maondo. Ndipo ndimakonda kuti iumire m'nyumba pafupi ndi zenera. Zovala zoyanika panja timazisita poopa mphutsi, koma juziyi sifuna simbi. Simbi imagoneka ubweya n'kuupsereza, makamaka ya makala imene kutentha kwake sungakuyeze. Ikaumira m'nyumba, nkhawa ya mphutsi palibe. M'nyengo ya chiperoni idzatenga masiku angapo kuti iume, pirirani, musaiyandikize pa mbaula.

Mungaichape kangati? Ine ndimati kamodzi mukangoigula, poti fungo la m'belo tonse tikulidziwa, ndiye kamodzi kapena kawiri nyengo yonse yozizira. Ubweya wa nyama susunga fungo msanga ngati nsalu za pulasitiki. Mukavula, iyaleni pa mpando usiku ipitidwe mphepo.

Kukayamba kutentha mu Seputembala, ichapeni musanaisunge, chifukwa njenjete zimatsata thukuta ndi madontho a chakudya. Ikauma gwa, ipindeni, osaipachika pa hang'ala, muiike m'chikwama cha nsalu chotseka bwino, monga pilokesi yomanga kukamwa. Ngati muli ndi firiji yoziziritsa mpaka kuumitsa, ikulungeni m'jumbo muisiyemo masiku atatu kapena anayi musanaiphatikize ndi majuzi ena, kuti mazira a njenjete amene inabwera nawo kuchokera m'belo afe.