Achemwali, musawakalipire a Scribus, atumizireni tsamba lomwe lavuta

Achemwali, mwati mumakonza kanyuzipepala ka mpingo wanu ku Ndirande pa Scribus, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera masamba a nyuzipepala ndi mabuku, koma ikumadula mawu a Chichewa molakwika kumapeto kwa mzere, komanso mulibe batani losanja masamba a kabuku kopinda pakati. Mwafunsa ngati ndi bwino kuwalembera okonza Scribus mowadzudzula. Ine ndikuti alembereni ndithu, koma ukali usiyeni.

Dziwani kaye amene mukuwalembera. Scribus si ya kampani ngati InDesign, pulogalamu inzake ya kampani ya Adobe. Anaiyambitsa Franz Schmid mu 2001, ndipo oikonza ndi anthu ochepa ongodzipereka, ambiri akugwira ntchito zawo zina. Munthu wotere akalandira uthenga woti "pulogalamu yanu ndi yachabechabe, InDesign imatha zonsezi", alibe poyambira. Pempho limene amalitola ndi lomwe angaliyese pa kompyuta yawo tsiku lomwelo nkuona vutolo ndi maso.

Zopempha zimalembedwa pa bugs.scribus.net, m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chosweka sichivuta bola mfundo zimveke. Musanalembe fufuzani ngati wina anapempha kale. Nkhani ya kabuku kopinda, yomwe iwo amati imposition, anthu akhala akuipempha kwa zaka zambiri, choncho musatsegule pempho latsopano. Ingowonjezerani pa lakale kuti inu mumasindikiza A5 pa pepala la A4 ndipo ntchito yake ndi yotani. Musaphatikizenso zopempha ziwiri m'kalata imodzi. Tchulani Scribus yomwe muli nayo, kaya 1.4 kaya 1.6 yomwe inatuluka mu 2024, ndi Windows yanu. Ngati mudakali pa 1.4, yesani yatsopano kaye, chifukwa zinthu ngati ma footnote (mawu ofotokozera a m'munsi mwa tsamba) zinalowamo kale.

Pa za Chichewa mpamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa apa palibe wina angatiyankhulire. Okonza Scribus sadziwa kuti "mphunzitsi" sadulidwa mphun-zitsi koma mphu-nzitsi, kapena kuti ng' ya mu "ng'ombe" ndi liwu limodzi losalekanitsidwa. Pulogalamuyo sidula mawu mwa nzeru zake. Imawerenga fayilo ya malamulo a chiyankhulo chilichonse, ya mtundu womwewo umene pulogalamu yolembera ya LibreOffice imagwiritsa ntchito, ndipo mukasiya mawu anu ali pa English imawadula Chingerezi. Ndiye kungoti "ikani Chichewa" nkuwapempha chinthu chomwe sangathe okha.

Apatseni lamulo lake, lomwe mwamwayi ndi losavuta: mawu athu amadulidwa pambuyo pa a, e, i, o, u, ndipo magulu ngati nd, mb, nkh, mph, nth, ts, dz ndi ng' amapita limodzi ndi zilembo zotsatira. Lembani mawu ochuluka ndithu ochokera m'kanyuzipepala kanuko, aliwonse mutawadula molondola, osaiwala ovuta ngati m'mudzi ndi Malaŵi. Jambulani tsamba lomwe lavuta, muzungulize mawu odulidwa molakwika, ndipo muikepo kafayilo kakang'ono ka Scribus (ka .sla) kokhala ndi ndime imodzi (maina ndi manambala a anthu a mumpingo muchotsemo, zimenezo zimaonedwa ndi aliyense). Auzeni kuti chizindikiro cha chiyankhulochi ndi ny, ndipo Chichewa chimalembedwanso ku Zambia ndi ku Mozambique, kuti aone kuti si nkhani ya mpingo umodzi. Pomaliza nenani kuti ndinu okonzeka kuyesa zomwe akonze. Ngati pakati pa owerenga pali aphunzitsi a Chichewa, athandizeni achemwaliwa pa mndandandawo.

Yankho likhoza kuchedwa miyezi, mwinanso nkukana, ndiye nyuzipepala ya Lamulungu lino isadikire. Zimitsani kudula mawu kwa pulogalamuko, ndipo pomwe mzere waoneka ndi mipata yaikulu ikani nokha soft hyphen, kamzere kodulira mawu komwe kamaoneka pokhapokha mawuwo afika kumapeto kwa mzere. Za kabukuko, tulutsani PDF masamba ali mu ndondomeko yake, chiwerengero chake chigawike ndi 4, kenako sankhani Booklet posindikiza mu Acrobat Reader. Mukapita nayo kwa osindikiza a ku Limbe kapena Ginnery Corner, afunseni kaye, chifukwa ambiri amafuna masamba osasanja kuti asanje okha molingana ndi makina awo.