Yambirani pa giza, mababu abwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa poyambira kuti zipangizo za m'nyumba mwanu zizidziyendetsa zokha popanda kudya mayunitsi ambiri. Yambirani pa giza. Imakoka mawati 2,000 mpaka 3,000, pomwe babu la LED limangofuna mawati 9 kapena kucheperapo. Itanani wodziwa zamagetsi aikepo taima yokhala ndi contactor (switch yopirira mphamvu yambiri ya magetsi), kuti madzi azitentha m'bandakucha ndi madzulo basi. Musailumikize pa smart plug wamba (pulagi yoyatsa ndi kuzimitsa pa foni), ingapse.

Pa zina zonse, ine ndimakonda zipangizo za Zigbee (njira yolumikizirana popanda mawaya) zoyendetsedwa ndi pulogalamu ya Home Assistant, chifukwa zimagwirabe ntchito intaneti ikaduka. Hub (kabokosi kolumikiza zipangizozi) ndi router muzipezere kabatire, poti magetsi akathima nazonso zimagona. Ngati mukumanga kumene, uzani wokoka mawaya asiye waya wa neutral (wobweza magetsi) pa switch iliyonse, kuti mudzathe kuikapo switch yodziyendetsa yokha.