Za matayala a Sienta yanu, achimwene

Achimwene, mwati Sienta yanu yakale ija, yomwe mumanyamulira anthu pakati pa Salima ndi Nkhotakota, ikumagunda pansi m'maenje a msewu wa M5, ndiye mukufuna kuchotsa matayala a 175/70 R14 n'kumanga marimu a 15 okhala ndi 195/65 omwe mwawapeza motchipa. Ndalamazo musapereke kaye.

Ine zinandionekerapo pa Sienta ngati yanuyo. Wogulitsa anandimangira saizi yomweyo, galimoto ili pa jeke anazunguliza tayala ndi dzanja, nati onani bwana, silikukhudza paliponse. Zinalidi zoona, galimoto ili yopanda kanthu. Tsiku lomwe ndinakweza anthu asanu ndi matumba awiri a mpunga pochokera ku Nkhotakota, ndisanafike n'komwe pa mlatho wa Chia ndinayamba kumva khwee, khwee kumbuyo pa bampu iliyonse. Nditaima ndinapeza m'mbali mwa tayala muli mzere wonyezimira ngati wadulidwa ndi lumo, tizinyenyeswa ta labala tili mbwee pa madigadi. Kutsogolo nako pulasitiki yam'kati ija inali itabooka. Tayala likadyeka m'mbali silimatika, n'lotaya basi, ndipo likhoza kukuphulikirani muli ndi ana a eni m'galimoto.

Manambala aja amanena zonse. Pa 175/70 R14, 175 ndi kukula kwa tayala m'lifupi m'mamilimita, 70 akutanthauza kuti khoma lake ndi 70 peresenti ya 175, ndipo 14 ndi rimu m'mainchesi. Mukawerengetsa, tayala lonse kuchokera pansi kufika pamwamba ndi mamilimita pafupifupi 601. La 195/65 R15 ndi pafupifupi 635. Kusiyana kwake ndi 34, koma galimoto imakwera ndi theka chabe, mamilimita 17, kachala kamodzi. Pofuna kachala kameneko tayala lafutukuka ndi mamilimita 10 mbali iliyonse, galimoto ikulemera ponyamuka, ndipo sipidomita ikamati 100 inu muli pa 106. Apolisi apamsewu sadzamva zoti ndi matayala.

Amisiri ambiri amati msinkhu wa tayala usasiyane kupitirira 3 peresenti ndi wa saizi yomwe galimoto inabwera nayo. Saiziyo yalembedwa pa kapepala komata pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, pamodzi ndi mpweya wake. Ine ndikanakhala inu marimu a 14 sindikanawasiya. Ndikanagula 185/70 R14, lomwe ndi mamilimita 615, khoma lake n'lalitali ndipo limameza maenje bwino. Ngati mtima uli pa 15 basi, tengani 185/60 R15, limafanana msinkhu ndi lanulo, koma dziwani kuti khoma lalifupi pa msewu wathuwu ndi lomwe limapinditsa rimu.

Rimu nayo ili ndi zake. Sienta yakale ili ndi mabauti anayi, 4x100, pomwe yatsopano yomwe inayamba mu 2015 ili ndi asanu. Kenako tembenuzani rimu muone kumbuyo, mupeza zilembo ET ndi nambala yosonyeza momwe rimu imalowera m'kati kapena kutulukira kunja. Nambalayo ikachepa tayala limatulukira kunja n'kumakhula madigadi, ikakula limalowa m'kati n'kumakhula shoko. Yerekezani ndi rimu yanu yakale, zisasiyane kupitirira mamilimita 5. Wina akakuuzani kuti tingoikapo spacer, kachitsulo kokankhira rimu kunja, kapena tikhome madigadi ndi hamala, nyamukani.

Komanso pa matayala a kaunjikawa, penyetsetsani. Ena olembedwa studless anapangidwira chipale chofewa cha ku Japan, labala wake ndi wofewa, pa kutentha kwa Salima mu Okutobala amatha ngati sopo. Manambala anayi a kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, m'mbali mwa tayala, ndi sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2019.

Koma funso langa n'lakuti, mashoko ndi masipuling'i anu ali bwanji? Sienta yonyamula katundu tsiku ndi tsiku imakhala pansi kumbuyo chifukwa masipuling'i atopa, ndipo apo tayala lalikulu lingowonjezera kukhula. Yambani mwaonetsa zimenezo kwa makaniko. Mukamayesa matayala atsopanowo, kwezani anthu odzaza, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi chambuyo, mudutse pa hampu, kenako mulowetse dzanja pamwamba pa tayala lililonse. Zala ziwiri zikakanika kulowa, auzeni amasule.