Mapazi akuwotcha usiku koma akuti shuga ali bwinobwino

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa zaka 52. Miyezi 8 tsopano mapazi anga amawotcha ngati ndaponda makala makamaka usiku, olo bulangete likangokhudza zala ndimadzuka nkukaviika mapazi mubeseni. Anandibaya pachala mmawa ndisanadye nkunena kuti shuga ali pa 5.4, palibe vuto. Nde ndichani chimenechi? Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Pepani mayi, ululu umenewu ndi weniweni, wina asakuuzeni kuti ndi maganizo. Zikumveka ngati small fiber neuropathy, kuwonongeka kwa timitsempha ting'onoting'ono ta pakhungu tomwe timamva kutentha, kuzizira ndi kupweteka, ndipo timayamba kuvutika kuzala zakumapazi poti kumeneko ndi komwe mitsempha yake ndi yaitali.

Vuto ndiloti timitsemphati timatha kuwonongeka shuga asanafike poti nkutchedwa matenda, nde kubaya pachala kamodzi sikokwanira. Pemphani OGTT, mumamwa madzi a glucose magalamu 75 nkuyezedwanso pakatha maola awiri. Shuga akapezeka pakati pa 7.8 ndi 11.0 mmol/L ndekuti thupi layamba kale kulephera, 11.1 kupita mmwamba ndi shuga weniweni. Kuyeza kwina kwa magazi kotchedwa HbA1c kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi, 6.5% ndiye malire a matenda a shuga.

Dokotala akuvuleni nsapato, izi ndimalimbikira kwambiri chifukwa ambiri amangolemba panado mapazi osawaona nkomwe. Akubayeni pang'ono ndi kapini kuyambira pachala chachikulu kukwera kumwendo, akugunditseni kachitsulo kozizira, muzinena pomwe mwayamba kumva bwino. Makina a nerve conduction amayeza mitsempha ikuluikulu yokha, atha kutuluka abwino inu mukulira usiku. Chomwe chimatsimikiza ndi skin biopsy, amadula kakhungu ka mamilimita 3 pamwamba pa kakolo nkuwerenga timitsempha pa maikulosikopu, koma zimapezeka muzipatala zochepa ndipo nthawi zambiri kufotokoza kwanu ndi kapini kaja zimakwanira kuyamba chithandizo.

Osangoloza shuga yekha. HIV, ma ARV akale aja a stavudine, isoniazid wa TB, mowa komanso kuchepa kwa vitamini B12 zimawotchanso mapazi, nde nyamulani buku lanu lakuchipatala aone zonse zomwe munamwapo. Amitriptyline wakumwa pogona amathandiza ambiri koma akulembereni dokotala. Pakadali pano musaviike mapazi nthawi yaitali, musawayandikize pa mbaula, ndipo madzulo alionse muziona pakati pa zala ngati pali bala.